Kampani yanu si imene idzatengere banja lanu viza

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatseka kompyuta n'kukhala phee. Mwafunsa ngati mungatsegule kampani ku Britain kuti iwatengere maviza mayi a kunyumba, ana atatu ndi mng'ono wanu wa zaka 24. Funso lomwelo ndinalifunsapo ine, ndipo yankho limene ndinapatsidwa linapweteka munthu amene ndimam'konda kwambiri.

Ife tinasamukira ku South Africa. Kumeneko, kuyambira 2014, viza ya bizinesi imafuna kuti ulowetse ndalama zokwana R5 miliyoni, ndiponso kuti mwa antchito 100 alionse, 60 akhale nzika kapena okhazikika m'dzikomo. Ndinagulitsa nyumba ndi magalimoto, ndinakongola, ndinagona pa mapepala a kampani miyezi yambiri. Ajenti amene ankandithandiza ankangoti, "Bola inuyo mulowe, za banja n'zosavuta." Ndinamukhulupirira chifukwa ndi zimene mtima wanga unkafuna kumva.

Banja linalowadi. Koma akazi anga, amene anaphunzitsa sukulu zaka 14, anapatsidwa viza ya woperekeza, yosawalola kugwira ntchito. Izi ndinazidziwa bwinobwino titafika kale, katundu titamasula. Miyezi yoyamba ankadzukabe mbandakucha, kusita zovala ngati akupita kukalasi, kuperekeza ana, n'kubwerera m'nyumba yopanda munthu woti amupatse moni. Tsiku lina ndinabwera msanga ndipo ndinawapeza atakhala patebulo ndi cholembera chofiira, akuchonga makope akale a mwana wathu wamkazi, makope ochongedwa kale. Sanalire ayi. Anangoti, "Dzanja linayabwa." Mpaka lero ndikakumbukira, pakhosi pamandiuma.

N'chifukwa chake mawu oti "nditenge banja langa" ndinasiya kuwanena, ndipo ndikawamva kwa abambo anzanga amandiwawa. Timatenga sutikesi. Mkazi ali ndi ntchito yake, dzina lake, anzake, makolo ake okalamba amene akuwasiya. Ife amuna timawerengera mpamba, lendi ya ofesi ndi msonkho mpaka usiku, koma mtengo umene mnzathuyo akulipira sitiulemba paliponse. Ndikunena mosabisa: bambo amene sanawerenge yekha zimene viza ya mkazi wake ikuloleza ndi kuletsa, sanakonzeke kusamuka, kaya akaunti yake yakubanki inenepe bwanji.

Ndiye pali mantha ena amene sindinauzidwe ndi aliyense. Viza ya banja imapachikika pa viza yako, viza yako imapachikika pa bizinesi. Chaka chathu chachiwiri malonda anatsika, kasitomala wamkulu anachoka, ndipo ndinazindikira kuti kampani ikagwa, sukulu ya ana, nyumba ndi chilolezo cha tonse zigwera limodzi. Kwanu bizinesi ikagwa umatsala wosauka koma uli pakwanu. Kwa eni umatsala wosauka uku masiku a m'pasipoti akutha. Ndinkasunga antchito amene sindikanatha kuwalipira bwino, poopa kuti chiwerengero chikachepa viza ivuta poikonzanso. Nyumba ija ndinaigulitsa msanga, ndipo ndimanong'onezabe bondo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Achibale nawonso sindingawasiye. Ukangoti uli ndi kampani kunja, foni sikhala chete. Aliyense ali ndi mwana woti "umuitanitse". Sindiwadzudzula, chifukwa nanenso kale ndinkaganiza kuti mwini kampani amangolemba kalata basi. Koma kukana m'bale wako kakhumi, iye n'kumaganiza kuti wayamba kudzikonda, ndi katundu wolemera. Msuweni wanga wina sanandiyankhule zaka ziwiri.

Tsono za ku Britain

Njira yakale ya Tier 1 Entrepreneur, imene munthu ankalowera ndi £200,000, inatsekedwa kwa ofunsira atsopano mu Malichi 2019. Imene ilipo kuyambira Epulo 2023 ndi Innovator Founder. Imeneyi siyang'ana kukula kwa thumba lanu. Bungwe lovomerezeka ndi boma liyenera kuvomereza kuti ganizo lanu la bizinesi ndi latsopano, lotheka, ndiponso lotha kukula. Kungosamutsa malonda amene mukuchita kale, ofanana ndi a ena ambiri, nthawi zambiri sikukwanira. Mukaipeza, mayi ndi ana osakwana zaka 18 amafunsira ngati odalira inuyo, osati kampani. Chabwino n'chakuti kumeneko mayi amaloledwa kugwira ntchito, zimene akazi anga anamanidwa. Koma werengerani ndalama ya zaumoyo imene imalipidwa yonse pofunsira: kuyambira Febuluwale 2024 ndi £1,035 pachaka kwa wamkulu ndi £776 kwa mwana. Akulu awiri ndi ana atatu kwa zaka zitatu ndi £13,194, musanalipire viza yeniyeniyo kapena tikiti ya ndege.

Simunandiuze zaka za ana. Ngati woyamba ali ndi 17, kalendala ndiye mdani wanu wamkulu. Ku America malire ndi zaka 21, ndipo mabanja a viza ya E-2, ya olowetsa ndalama mu bizinesi, amaona mwana amene wakulira komweko akutuluka pa viza ya makolo tsiku lobadwa likakwana.  Mwana wathu wamwamuna atayandikira msinkhu, tinayamba kuthamangathamanga kuti akhale ndi mapepala akeake, ndipo mnyamata amene ankaseka kwambiri anayamba kufunsa kuti kwawo kwenikweni n'kuti.

Mng'ono wanuyo sangalowe ngati wodalira inu. Kampani ingafunike kupeza laisensi yolembera antchito ochokera kunja, ntchitoyo ikhale yeniyeni, ya luso lovomerezeka, ndipo malipiro afike pamlingo umene boma linaika. Ntchito yongopekera m'bale ikhoza kuphetsa laisensi n'kuika viza yanu pangozi. Muuzeni zoona panopa, asanasiye ntchito yake.

Konzani msanga setifiketi ya ukwati yovomerezeka ndi boma ndi masetifiketi obadwira a ana, mayina alembedwe chimodzimodzi ndi m'mapasipoti. Ngati pali mwana amene kholo lake lina silikupita nawo, nkhaniyo ipite kwa loya wovomerezeka wa zolowa ndi kutuluka m'dziko musanalipire kalikonse. Nyumba musagulitse chaka choyamba. Imelo yotsatira mulembe pamodzi ndi mayi, ndipo mundiuze ntchito imene amagwira ndi zaka za mwana woyamba.