Juzi yochokera m'buku lakale yatuluka yaikulu: vuto lili pati?

Mayi wina watilembera kuti anapeza buku lakale la mapatani oluka la kampani ya Patons m'sutikesi ya agogo awo. Akuti: "Ndinagula singano nambala 8 monga bukulo likunenera, ndinatsatira mzere uliwonse, koma juzi yatuluka yaikulu moti tingalowemo awiri. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, manja anu alibe mlandu. Nambala 8 ya m'bukulo ndi ina, ya pa singano zanu ndi inanso. Mabuku a ku Britain osindikizidwa zaka za m'ma 1970 zisanafike, a Patons, Sirdar kapena Weldon's, ankawerenga singano chobwerera: nambala ikamakwera, singano imaonda. Nambala 8 ndi mamilimita 4, nambala 10 ndi 3.25, nambala 12 ndi 2.75. Ku America manambala amakwera limodzi ndi kunenepa kwa singano, ndipo nambala 8 yawo ndi mamilimita 5. Yang'anani pa singano zanuzo, mwina palembedwa 5mm.

Milimita imodzi imaoneka yochepa, koma imadya ulusi. Tinene kuti bukulo likufuna masitichi 22 pa masentimita 10, ndipo kumsana mwayamba ndi masitichi 110. Zikayenda bwino, msanawo ukhala masentimita 50. Ndi singano yonenepa mupeza masitichi 18 okha, ndiye msana womwewo ufika masentimita 61. Kutsogolo chimodzimodzi. Juzi yakula ndi masentimita 22 chonchobe.

Choncho musanayambenso, lukani kachigamba koyesera. Ambiri amakadumpha chifukwa cha changu, ndipo ndi pomwe pamatayika sabata yathunthu. Ikani masitichi 30, lukani mpaka kafike masentimita 12, kachapeni, kaume chogona patebulo osakakoka. Ikani rula pakati penipeni, osati m'mphepete momwe mumapindika, muwerenge masitichi a m'masentimita 10. Akachepa, tengani singano yoonda. Akachuluka, yonenepa. Bukulo likapereka muyeso pa inchi imodzi, chulukitsani kanayi, poti mainchi 4 ndi pafupifupi masentimita 10.

Pa ulusi samalaninso. Mabuku akale amawerenga ma ounce, ndipo imodzi ndi magalamu 28, kotero ma ounce 9 ndi pafupifupi magalamu 250. Majuzi ambiri a m'ma 1940 ndi 1950 ankalukidwa ndi ulusi woonda wa 3-ply kapena 4-ply. Mukaika wonenepa wa double knitting m'malo mwake, juzi iuma ngati thabwa kapena ikula mopitirira. Gulani ulusi wonse tsiku limodzi, wa nambala imodzi ya utoto, chifukwa wogulidwa pambuyo pake umasiyanako mtundu ndipo padzuwa mzere umaonekera.

Onaninso saizi. Mapatani ambiri a nthawi imeneyo ali ndi saizi imodzi yokha, kawirikawiri chifuwa cha mainchi 34, omwe ndi masentimita 86. Dziyezeni kaye.

Ngati m'bukumo muli zoluka ndi singano ya ngowe, monga nsalu zapatebulo, msampha ndi womwewo. Sitichi yomwe a ku Britain amati double crochet, a ku America amati single crochet, ndipo treble ya ku Britain ndi double crochet ya ku America. Mukaona mawu akuti single crochet paliponse m'patanimo, dziwani kuti ndi ya ku America.

Juzi yalukidwa kaleyo musaitaye. Imasuleni, kulungani ulusiwo kumsana kwa mpando, muumange pamalo anayi, muunyike m'madzi ofunda ndi kuuyanika pamthunzi kuti makwinya athe.