Achimwene, khadi ya Quadro K4200 imeneyo musatumize kaye ndalama

Achimwene, imani kaye. Nditangoona makhadi a graphics atatu a Nvidia Quadro omwe mwaika pofunsa kuti mugule iti yosewerera magemu pa kompyuta, K4200, M4000 ndi P2000, komanso kuti mtima wanu uli pa K4200 chifukwa ndi yotchipa, ndasiya zomwe ndimachita kuti ndikulembereni. Nanenso ndinadutsa momwemo ndipo mpaka pano nkhani yake ikandibwerera mutu umatentha.

Khadi yanga inali Quadro K5000, mkulu wake wa K4200 yomweyo. Ndalama zake ndinasunga miyezi inayi. Wogulitsa anali wokoma pakamwa, amvekere bwana iyi si khadi ya ana osewera magemu, ndi ya mainjiniya, itangotuluka mu 2012 munthu wamba sankaikwanitsa, ndiye gemu iliyonse izingotafuna. Zakuti inali yodula ndi zoona. Chimene sananene n'chakuti mkati mwake muli chip ya GK104, yomweyo ya mu GTX 680 yomwe ndi khadi ya magemu, ma CUDA core 1,536 chimodzimodzi, koma iyi imayenda pa 706 MHz pamene GTX 680 imayambira pa 1,006 MHz. Makampani ankalipira ndalama zambirizo chifukwa cha madiraiva otsimikizika a mapulogalamu ojambulira mapulani ngati SolidWorks ndi AutoCAD, memory yochuluka, komanso khadi yoti izigwira ntchito usana ndi usiku osavuta. Gemu ilibe nazo ntchito zimenezo. Imangofuna liwiro, ndipo liwirolo ndi lomwe analichepetsa.

Itafika ndinapeza kuti ilibe HDMI, ili ndi DVI ziwiri ndi DisplayPort ziwiri basi. Monita yanga ndi ya HDMI. Masiku awiri khadi ili patebulo ine ndikusaka chingwe. Zimenezo ndinapirira. Kenako nditatsegula kompyuta ndinaona kuti khadiyo ikufuna pulagi yamagetsi ya 6-pin, pamene kompyuta yanga ndi ija ya mu ofesi, power supply yake yaing'ono, pulagi yotero ilibe. Nditamuimbira wogulitsa uja anaseka, amvekere limenelo si vuto bwana, onani m'katoni ndakuikirani kachingwe. Kanalimodi, kochokera pa pulagi ya SATA kupita ku 6-pin, kopepuka ngati udzu. Ndinamufunsa kawiri ngati sikangavute. Anati makasitomala ake onse akugwiritsa ntchito komweko.

Ndinalumikiza pa chingwe chomwecho chimene panali hard drive, chifukwa ndi pokhapo panali pulagi yotsala. Kompyuta inayaka. Gemu yomwe ndinagulira khadiyo, Elden Ring, inakana kutseguka. Ukaidina, sikirini imayera kamphindi kenako n'kubwerera pomwe unali. Ndinachotsa madiraiva, kuikanso, kuchotsanso, usiku wonse. Kunacha ndisakudziwa kuti vuto silili pa madiraiva: makhadi onse a Kepler, mtundu wa chip womwe uli mu K5000, amalekezera pa feature level 11_0 ya DirectX 12, pulogalamu ya Windows yomwe magemu amadalira, pamene gemuyo imafuna 12_0. Pa katoni amalemba kuti DirectX 12 ndipo si bodza, koma ndi DirectX 12 yosakwanira. Ndinangodzitonthoza ndi GTA V, yomwe kunena zoona inkayenda bwino ndithu pa 1080p ukatsitsako zina.

Tsiku lachisanu ndi lomwe sindidzaiwala. Inali cha m'ma 11 koloko usiku, ndasewera pafupifupi maola awiri, fani ikulira ngati ikufuna kuthothoka. Ndinayamba kumva kafungo ka pulasitiki yopsa. Ndinaganiza kuti kakuchokera panja, ndinadzuka n'kukatseka zenera. Pobwerera sikirini inali itauma, phokoso la gemu likungobwereza pamodzimodzi, kenako ndinamva kuti thu! mkati mwa kompyuta, zonse n'kuzima. Utsi woyera unayamba kutuluka pa timabowo ta m'mbali. Ndinazula pulagi kukhoma manja akunjenjemera. Nditatsegula chivundikiro ndi tochi ya pafoni, kachingwe kaja kanali katasungunuka, pulagi ya SATA yakuda bii, pulasitiki itadontha mpaka pansi pa kesi. Nditaikhudza inandiwotcha chala. Fungo lake linakhala m'chipindamo masiku atatu, ngakhale m'zofunda.

Khadiyo sinafe, mwamva? Inapulumuka. Chomwe chinafa ndi hard drive yomwe inali pa chingwe chimodzimodzicho. Mmenemo munali lipoti la kafukufuku la mlongo wanga, la chaka chake chomaliza, lomwe analemba miyezi isanu pa kompyuta yanga chifukwa yake inali itawonongeka. Kope lomaliza limene anasunga kwina linali la miyezi iwiri m'mbuyo. Kunali kutatsala masabata atatu kuti akapereke. M'mawa mwake ndinaima pakhomo la chipinda chake nthawi yaitali ndisanagogode. Nditamuuza sanakalipe, anangokhala pansi n'kuphimba nkhope. Bola akanandilalatira. Masabata atatuwo ankagona maola atatu patsiku, kulembanso machaputala awiri kuchokera m'makope ake a pamanja, ine ndikumutaipira zomwe ndingathe. Zonsezo chifukwa cha gemu.

Tsopano mkulu wogulitsa uja. Ndinamutumizira chithunzi cha kachingwe kopsako. Yankho lake linali funso: khadi ikuyaka? Ndinati ikuyaka. Amvekere ndiye vuto lili pati, ine ndinakugulitsani khadi, kachingweko kanali kongokuthandizani. Kongondithandiza! Munthu amene ndinamufunsa kawiri, amene ntchito yake ndi yomweyi tsiku ndi tsiku, sangandiuze kuti sadziwa zoti pulagi ya SATA inapangidwira ma watt 54 okha pa 12V pamene 6-pin imaloledwa kukoka mpaka 75. Ankadziwa. Anangofuna katundu achoke m'manja mwake. Nditaumirira anayamba kumawerenga mauthenga osayankha, kenako anandibuloka. Patatha sabata mnzanga anandionetsa kuti waikanso khadi ina ya Kepler, mawu ake omwewo akuti ya mainjiniya, ndipo pachithunzi pambali pake pali kachingwe ka mtundu womwewo. Chimandipweteka n'chakuti pali wina amene anagula, mwina mwana wasukulu amene wasunga ndalama chaka chonse. Anthu otere amadyera pa kusadziwa kwa anzawo ndipo amagona tulo bwinobwino.

Ndiye makhadi anu atatuwo. K4200 ichotseni pa mndandanda. Ndi ya 2014, chip yake GK104 yomweyo koma yodulidwa, ma core 1,344, 4GB, imadya ma watt 108 ndipo imafunanso 6-pin. Ndi Kepler, choncho magemu ofuna 12_0 sadzatseguka ngakhale mutachita zotani, ndipo madiraiva ake anathera pa mndandanda wa 470 wa mu 2021. Samalaninso ndi K2200, K1200 ndi K620 zimene anthu amakonda kutchula muno. Zimenezo ndi Maxwell yoyamba, mtundu wa chip wotsatira Kepler, K2200 ndi mapasa ndi GTX 750 Ti, ma core 640, ndipo nazonso zimalekezera pa 11_0. Ngati wogulitsa akutsutsa, muuzeni alembe dxdiag pa Windows, apite pa Display, ajambule mzere wolembedwa Feature Levels. Pamenepo sanganame.

M4000 ndiyo imakopa chifukwa cha 8GB. Inatuluka mu 2015, ma core 1,664 ofanana ndi a GTX 970, imafika pa 12_1 ndiye magemu amatseguka. Koma liwiro lake analitsitsanso kuti ikwane m'malo a khadi imodzi yopyapyala pa ma watt 120, moti GTX 970 imaisiya m'mbuyo. 8GB imeneyo ikuthandizani kukweza ma texture, koma chip yake imatopa musanadzaze memory yonseyo. Kafani kake ndi kamodzi, kakang'ono, ndipo khadi yomwe yakhala zaka mu ofesi imabwera itadzaza fumbi, thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chip, itauma gwa. Mukaigula konzekani kuimasula, kuipukuta ndi kupaka yatsopano tsiku lomwelo. Imafunanso 6-pin yeniyeni yochokera mu power supply, ndikubwereza, yeniyeni.

P2000 ndi ya 2017, chip yake ya mtundu wa Pascal, ma core 1,024, 5GB, ma watt 75, siifuna pulagi ina iliyonse chifukwa imakoka magetsi pa motherboard pomwepo. M'magemu imakhala pakati pa GTX 1050 Ti ndi GTX 1060. Vuto lake ndi mtengo, sutsika msanga chifukwa anthu okonza maseva a mavidiyo a Plex amaisaka kwambiri, ndiye mumapikisana ndi anthu amene sakuganiza n'komwe za magemu. Ili ndi DisplayPort zinayi, HDMI palibe, gulirani limodzi chingwe.

Langizo langa lenileni ndi lakuti pa magemu Quadro isiyeni. Ngati power supply yanu ili ndi mapulagi ndipo kesi ili ndi malo, GTX 1060 ya 6GB kapena RX 580 ya 8GB zogwiritsidwapo kale ntchito zimaposa atatu onsewa, ndipo kawirikawiri pa ndalama zofanana kapena zocheperapo. RX 580 imadya ma watt 185 ndipo zambiri zinakumbapo ndalama za crypto, ndiye iyeseni ikatentha. Ngati pulagi mulibe, pali ma GTX 1650 ena osafuna pulagi, ndipo iwo akulandirabe madiraiva atsopano, pamene a Maxwell ndi Pascal, ngati M4000 ndi P2000, mndandanda wa 580 ndi womaliza. Kumbali ya AMD kuli Radeon Pro WX 7100, ma stream processor 2,304 ngati RX 480, yopyapyala, 8GB, koma nkhani yake ndi yomweyo, kutentha ndi kutsitsa liwiro. Onse ndatchulawa alibe ray tracing, njira yatsopano yojambulira kuwala m'magemu, choncho magemu ngati Doom: The Dark Ages ya 2025 muwaiwale.

Komabe ine pano ndikusewerera pa P2000. Nditakonza kompyuta ija sindinafunenso kuona khadi yofuna pulagi, mantha anali adakalipo, ndipo ndalama za power supply yabwino ndinalibe chifukwa zinapita ku hard drive yatsopano. Ndinaigula pa intaneti kwa munthu wina amene sindinamuonepo, osaiyesa, ndinangomupempha chithunzi cha GPU-Z, pulogalamu yoonetsa za mkati mwa khadi. Yatha zaka ziwiri, siilira, siitentha, Elden Ring inatseguka tsiku loyamba ndipo ndinaimaliza pa 1080p ndi zinthu zambiri zili pakati kapena pansi. Moti pa atatu anuwo, ngati kompyuta yanu ndi ya mu ofesi ngati yanga, tengani P2000 osayang'ananso kumbuyo. Koma inuyo musachite ngati ine, musalipire musanaione ikuyendetsa gemu kwa mphindi 30 maso anu akuona, ndipo GPU-Z ikhale yotsegula kuti muone dzina lenileni la chip ndi kutentha kwake. Wogulitsa akakana, nyamukani. Akakutulutsirani kachingwe ka SATA, nyamukaninso. Ndipo chilichonse chofunika chomwe chili pa kompyutayo, makamaka ngati si chanu, chikopereni kwina musanamasule ngakhale sikulu imodzi.

Musanapange chisankho tsegulani kesi, mujambule chipepala chomatidwa pa power supply chosonyeza ma watt, mujambulenso zingwe zonse zomwe zikulendewera zopanda ntchito, muike apa pamodzi ndi dzina la pulosesa yanu. Ndiona usiku uno ndikaweruka.