ROG Phone 5 ya mnzanga kapena POCO F6 ya m'bokosi?

Funso: Achimwene, ndakhala ndikusunga ndalama kuyambira chaka chatha kuti ndigule foni yoti ndizisewerera PUBG Mobile ndi eFootball osajama. Mnzanga wina akugulitsa ASUS ROG Phone 5 yake ya RAM 16GB. Ilibe mng'alu, nyali zake zakumbuyo zikuyaka bwinobwino. Koma mlamu wanga amene ali ku Joni akuti ndikawonjezera pang'ono angandigulire POCO F6 yatsopano ya RAM 12GB. Mtima wanga uli pa ROG chifukwa inapangidwira magemu, komanso manambala ake ndi aakulu. Nditenge iti? Ndine wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Achimwene a ku Chilomoni, atumizireni ndalamazo alamu anu. Ndikudziwa kuti si yankho lomwe mumafuna kumva, choncho ndifotokoze bwino.

Tiyambe ndi zabwino za ROG Phone 5, chifukwa zilipo ndithu. Itatuluka mu Malichi 2021 inali chilombo. Sikirini ya AMOLED ya 144Hz, batire la 6000mAh, masipika awiri oyang'ana kumaso kwanu, bowo la mahedifoni la 3.5mm, ndiponso malo awiri am'mbali otchedwa AirTrigger omwe mumangowakhudza ndi zala zolozera n'kuwombera pamene zala zazikulu zikuyendetsa munthu wanu. Ili ndi mabowo awiri a USB-C, lina pansi lina m'mbali, kuti mukaigwira chopingasa chingwe cha chaja chisakupingeni m'manja. Ilinso ndi njira yoti magetsi a chaja azipita ku foni mwachindunji osadzera m'batire pamene mukusewera. Zambiri mwa izi POCO F6 ilibe, ndipo amene anazolowera AirTrigger amaisowa kwa masabata angapo.

Vuto n'lakuti foni imene mnzanuyo akugulitsa si ya 2021 ija ayi. Ndi foni yomwe yaseweredwa zaka zingapo ndi munthu wokonda magemu ngati inu nomwe. Galimoto ya abusa ndi minibasi ya Limbe zikhoza kukhala za chaka chimodzi, koma palibe amene amazigula pa mtengo wofanana.

Mkati mwake muli pulosesa ya Snapdragon 888. Imeneyi ndi yamphamvu, koma inatchuka ndi kutentha pafupifupi m'mafoni onse omwe inaikidwamo chaka chimenecho. Pulosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye mphindi khumi zoyamba gemu imayenda ngati madzi, kenako mu Okutobala masana mumayamba kuona kudukiza, nthawi yomweyo imene mwatsala anthu asanu m'bwalo. POCO F6 inatuluka mu Meyi 2024 ndi Snapdragon 8s Gen 3. Zaka zitatu zimenezi pa nkhani ya mapulosesa ndi zambiri: 888 inapangidwa ndi Samsung pa luso la 5nm, pamene yatsopanoyi inapangidwa ndi kampani ya TSMC pa luso latsopano la 4nm, ndipo imachita ntchito yochuluka pa magetsi ochepa. Nayonso imafunda mukaikankha, musanamizidwe, koma pa gemu yomweyo ndi makonzedwe omwewo imaiposa ROG yakaleyo.

Za RAM, malo omwe foni imasungamo kwakanthawi mapulogalamu amene mwatsegula, musavutike nazo. Palibe gemu ya pafoni mwa ziwiri mwatchulazi yomwe ingadzaze 12GB. Zinayi zowonjezerazo zimangokhala ngati zipinda za m'nyumba zopanda wogonamo. N'chimodzimodzi 144Hz ndi 120Hz ya POCO. Amene amaika malire ndi opanga gemu, ndipo PUBG Mobile simapitirira mafelemu 120 pa sekondi ngakhale pa mafoni amene yawalola kufika pamenepo. Komanso kunena zoona, kujama kwambiri komwe anyamata amabwera nako pa benchi langa lokonzerapo mafoni si kwa foni. Maseva a magemuwa ali kunja kwa dziko, ndipo netiweki ikafooka madzulo aliyense atalowa pa intaneti, ngakhale foni ya mamiliyoni imakuonetsani mdani ataima pomwe iye wakuwomberani kalekale.

Tsopano batire, pomwe pagona nkhani yonse. Batire la lithium limakalamba ndi zinthu ziwiri: kuchuluka kwa maulendo omwe latchajidwa n'kutha, ndi kutentha. Likatchajidwa maulendo athunthu 500 kapena kuposerapo pang'ono, kawirikawiri limatsala ndi pafupifupi magawo 80 pa 100 a mphamvu zake zoyamba. Wosewera magemu tsiku lililonse amafika pamenepo pasanathe zaka ziwiri, ndipo amachita zimenezi foni ili yotentha, mwina ili pa chaja. Choncho 6000mAh yolembedwa pa bokosi la ROG ikhoza kukhala pansi pa 5000mAh ya POCO yatsopano, chonsecho ikudyetsa pulosesa yaumbombo. Kwathu kuno komwe magetsi amathima osatsanzika, POCO imatchaja pa 90W pamene ROG imafika 65W, ndiye theka la ola limene magetsi abwera limakupindulirani kwambiri pa yatsopanoyo.

Mwina munganene kuti batire ndingosinthitsa. Pa foni wamba mungatero. ROG Phone 5 ili ndi mabatire awiri a 3000mAh, bodi ili pakati pawo, ndipo si sipeya yomwe mungaipeze mutangoyenda m'mashopu a mafoni ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe. Muyenera kuitanitsa kunja, kudikira masabata, ndi kupemphera kuti chimene chabweracho n'chenicheni. Sikirini yake ndi chimodzimodzi, ndipo mtengo wake umaluma. POCO F6 ku China imagulitsidwa ndi dzina lakuti Redmi Turbo 3, ndipo ndi ya banja la Xiaomi, lomwe mafoni ake ndi ochuluka padziko lonse, motero masipeya ake savuta kuitanitsa. Dziwaninso kuti eni ake a ROG Phone 5 ambiri m'maiko osiyanasiyana anadandaula za Wi-Fi kufa mwadzidzidzi ndi bodi kuzima osadzukanso. Si zonse zimene zinatero, koma mukagula kwa mnzanu palibe waranti, ndipo ikazima pakatha mwezi mumataya ndalama ndi ubwenzi womwe.

Kanthu kena kakang'ono: ROG imeneyi imalemera pafupifupi magalamu 238, POCO 179. Ndipo chifukwa cha bowo la m'mbali lija, pakati pake ndi pofooka, moti wina ataiyesa kuipinda ndi manja pa kanema wa pa YouTube inathyoka pomwepo. Musaiike m'thumba lakumbuyo mukamakhala anayi-anayi m'minibasi.

Chomaliza ndi mapulogalamu. ROG Phone 5 inabwera ndi Android 11 ndipo inalekera pa Android 13. ASUS sikuitumiziranso zigamba zachitetezo. POCO F6 inayamba ndi Android 14 ndipo kampani yake inalonjeza kuikweza katatu ndi kuitumizira zachitetezo kwa zaka zinayi. Mukhoza kuona ngati izi sizikukhudzani, koma foni yomweyo ndi imene muzisungiramo Airtel Money, Mpamba ndi pulogalamu ya banki. Magemu nawonso chaka ndi chaka amakweza zofuna zawo.

POCO ili ndi zake zonyansa. HyperOS, pulogalamu yoyendetsa foniyi, imabwera ndi mapulogalamu ambiri osafunika ndiponso zotsatsa malonda m'mapulogalamu ena akampani, moti tsiku loyamba muyenera kukhala pansi n'kuchotsa zomwe zingachoke ndi kuzimitsa zotsalazo, apo ayi zizikudyerani bandulo. Ilibe bowo la mahedifoni, ndipo mahedifoni wamba a Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, zomwe pa PUBG zimachititsa kuti mumve mapazi a mdani atakufikani kale. Auzeni alamu anu aike m'phukusi kachingwe ka USB-C kolumikizira mahedifoni a waya, timabatani totsina pamwamba pa sikirini m'malo mwa AirTrigger, ndi kafani kotsina kumbuyo ngati ndalama zilola. 

Funso: Ndawerenga zomwe mwawayankha a ku Chilomoni. Ine yomwe ndaipeza ndi ROG Phone 6, ndipo wogulitsa alinso ndi Black Shark 4 yotsikirapo mtengo. Kodi yankho ndi lomwelo? Ngati ndingagulebe yakale, ndiyang'ane chiyani? Ndine wa ku Mchengautuwa, Mzuzu.

Yankho: Black Shark isiyeni. Kampani yake inayamba kuchotsa antchito ambiri mu 2022 ndipo foni yomaliza ya mtunduwu inali Black Shark 5 ya 2022. Lenovo nayonso inatseka mafoni ake a magemu a Legion mu 2023. Foni yomwe mwini wake anasiya kuipanga ndi mwana wamasiye: masipeya amene alipo ndi omwewo, akatha atha. Black Shark 4 ili ndi mabatani enieni otuluka m'mbali, okoma kuwadina, koma chilichonse choyenda chimatha, ndipo fumbi lathuli silichedwa kulowamo.

ROG Phone 6 ndi nkhani ina. Inatuluka mu Julayi 2022 ndi Snapdragon 8+ Gen 1, yomwe Qualcomm, kampani ya mapulosesa a Snapdragon, inakapangitsa ku TSMC itaona kutentha kwa 8 Gen 1 yoyamba. Pulosesa imeneyo ndi yabwino ndipo siili kutali kwenikweni ndi ya POCO F6. Ngati mtengo wake uli pansi moonekeratu poyerekeza ndi yatsopano, ndipo inu mumasewera maola atatu kapena anayi tsiku lililonse ndi zala zinayi, sindingakuletseni. Koma ngati mitengo ikupikisana, yankho langa silisintha, chifukwa nkhani ya batire, masipeya ndi zigamba zachitetezo ikadali yomweyo.

Popita kukaiona, musapite mothamanga ndipo musakumane pamsewu. Khalani pamalo pomwe pali soketi ndi Wi-Fi, mutenge SIM yanu, chaja ndi mahedifoni anu.

Yambani ndi *#06# kuti muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, muifananize ndi ya pa bokosi. Wopanda bokosi kapena lisiti afotokoze bwino komwe anaitenga, chifukwa foni yakuba apolisi akailondola amapeza inu. Muonetsetsenso kuti mwini wake watulutsa akaunti yake ya Google pamaso panu musanapereke ndalama. Mlungu uliwonse ndimalandira anthu omwe agula foni, aifufuta, kenako ikufuna akaunti ya munthu amene nambala yake siikupezekanso.

Kenako tembenuzani foniyo muone kumbuyo. Ngati palembedwa Tencent Games, imeneyo inapangidwira msika wa ku China, ndipo amalonda ambiri amaifulasha n'kuikamo pulogalamu ya maiko ena kuti ioneke ngati wamba. Zina zimayenda bwino, zina zimakana kulandira zatsopano, ndipo mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka pa foni yomwe inatsegulidwa bootloader, loko woletsa kusintha pulogalamu yoyendetsa foni. Lowani mu Play Store, pitani pa Settings, kenako About, muone pansi ngati palembedwa kuti Device is certified. Ikani SIM yanu muone ngati 4G ikugwira, muimbe foni, muyese Wi-Fi ndi Bluetooth, muzimitse n'kuyatsanso kangapo.

Sikirini ya AMOLED imapsa zipsera ikamaonetsa chithunzi chimodzi nthawi yaitali. Tsegulani chithunzi chotuwa kapena choyera chodzaza sikirini yonse, mukweze kuwala. Pa foni ya wosewera mukhoza kuona mthunzi wa mapu ndi mabatani a gemu yomwe ankaikonda. Mthunzi umenewo suchoka, mankhwala ake ndi sikirini ina. Yang'ananinso foniyo cham'mbali: ngati galasi lakumbuyo latukuka ngakhale pang'ono, batire latupa, ndipo nyamukani muzipita.

Muyeso weniweni ndi gemu. Sewerani mphindi 30 pa makonzedwe apamwamba, chaja itachotsedwa, mulembe peresenti poyamba ndi pomaliza. Kufunda n'kwachibadwa. Koma ikamatsika modumpha, mwachitsanzo kuchoka pa 40 n'kupezeka pa 28 m'kanthawi kochepa, kapena ikazima yokha peresenti ikadalipo, mabatire ake atopa. Yesani mabowo onse awiri a USB-C ndi ma AirTrigger onse awiri, popeza zimenezo ndi zomwe mukulipirira. Wogulitsa amene akukana kukupatsani theka la ola limenelo akudziwa chimene chimachitika pa mphindi ya 20.

Funso: Ine sindisewera kwambiri, mwana wanga ndi amene amasewera Loweruka. Ndimafuna kamera yabwino ndi foni yokhalitsa. Mwa ziwirizi? Ndine mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Mayi, mwa ziwirizi POCO, koma inu mukadayang'ananso Samsung Galaxy S24 FE ya kumapeto kwa 2024. Mafoni a magemu ndalama zawo zimapita ku sikirini, masipika ndi zoziziritsa, kamera imabwera pambuyo. S24 FE ili ndi kamera yokokera zinthu zakutali yomwe POCO F6 ndi ROG zilibe, ili ndi chitetezo cha madzi ndi fumbi cha IP68, ndipo Samsung inailonjeza zaka zisanu ndi ziwiri za mapulogalamu atsopano. Imatchaja pang'onopang'ono, pa 25W basi, ndipo chaja mumagula padera. Magemu a Loweruka a mwanayo iwakwanitsa. Ingomuuzani kuti asamasewere ili pa chaja, ndipo asamaisiye pansi pa pilo ikutchaja.