Funsani Anamwino: Timadontho takuda pamasaya ndi tinyama ta m'khosi

FUNSO: Anamwino, ndine mayi wa zaka 54 ndipo ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Ndili ndi zaka za m'ma 30, pamasaya ndi m'munsi mwa maso panayamba kutuluka timadontho takuda totukuka, koma masiku ano tachuluka zedi. M'khosi ndi m'khwapa namonso mwamera tinyama tolendewera tomwe timakodwa ndi kolala ya bulauzi. Pamiyendo pali timawanga toyera. Mpongozi wanga akuti ndi njerewere, moti safuna kuti ndizimpsompsona mdzukulu wanga. Mnzanga wa kumsika akuti ndimange ndi ulusi kapena ndidule ndi lezala. Kodi ndadwala chiyani? Mayi wodandaula, Bangwe.

YANKHO: Amayi, lezalalo libwezereni pomwe munalitenga, ndipo mdzukuluyo mnyamuleni mumpsompsone. Sindinakuoneni ndi maso, koma mmene mwafotokozeramu, zinthu zitatu zonsezi ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku mwa anthu amsinkhu wathuwu, ndipo palibe chopatsirana ngakhale chimodzi.

Mpongozi wanu sanalakwitse ponena kuti njerewere zimapatsirana. Zimabwera ndi kachilombo ka HPV, zimakhala zokhakhala, ndipo zimakonda manja ndi mawondo a ana. Zanu zapamasayazo ndi zina. Madokotala amazitcha dermatosis papulosa nigra. Zimapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda, amayi kuposa abambo, ndipo zimayenda m'magazi. Tayang'anani nkhope za achemwali anu kapena chithunzi cha mayi anu, mwina muzipeza pomwepo. Zimayamba munthu akadali wachinyamata, n'kumachuluka ndi kukula pang'onopang'ono zaka zikamapita. Amene mumaonera mafilimu mukumudziwa Morgan Freeman wa ku America: nkhope yake ili ndi timadontho tomweti waa, ndipo ndalama zochotsera sizimusowa. Timadonthoti sitisanduka khansa. Tili ndi abale ake okulirapo omwe amatuluka pamsana ndi pachifuwa munthu akapitirira zaka 50, abulauni kapena akuda, ooneka ngati phula la kandulo ladonthera pakhungu n'kuumira pomwepo. Amenewonso alibe vuto, kupatula kuyabwa apo ndi apo.

Tinyama tolendewera timamera pomwe khungu limakhulana lokhalokha kapena ndi zovala: m'khosi, m'khwapa, pansi pa mabere, mphechepeche, ngakhale pachikope. Pafupifupi theka la anthu akuluakulu amakhala nato. Patokha sitoopsa, koma pano ndikupemphani chinthu chimodzi. Tikachuluka, makamaka mwa munthu wonenepa, ndipo kumbuyo kwa khosi kukada bii ngati litsiro losachoka ndi sopo, nthawi zambiri thupi limakhala likulephera kugwiritsa bwino ntchito shuga. Kayezetseni shuga. Amayi ambiri amakhalira kukwecha khosi ndi mwala, kumadziimba mlandu wa uve, pamene vuto lili m'magazi.

Nanga n'chifukwa chiyani zonsezi zachuluka tsopano? Khungu limakalamba ngati ziwalo zina zonse. Mkati mwake muli ulusi wotchedwa kolajeni womwe umalimbitsa, ndipo umachepa chaka ndi chaka. Kwa ife amayi kuchepako kumathamanga tikasiya kusamba: m'zaka zisanu zoyambirira mayi amatha kutaya pafupifupi 30 peresenti ya kolajeniyu. Mafuta achilengedwe a pakhungu nawonso amachepa, khungu limapyapyala, chilonda chimachedwa kupola. N'chifukwa chake mu June ndi July miyendo imatuwa mbuu ndi kuyabwa usiku wonse. Lekani kusambira sopo wochapira zovala, madzi asatenthe kwambiri, ndipo dzolani Vaseline kapena gilisalini thupi lisanaumiretu.

Timawanga toyera ta pamiyendo n'ta ukalamba ndi dzuwa. Maselo opanga mtundu wa khungu amatopa m'malo ena. Anthu amaopa khate. Banga la khate limakhala lokulirapo ndipo limachita dzanzi. Tsinzinani, wina akukhudzeni pabangapo ndi kathonje. Ngati simukumva, pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo ndipo khate limachizika.

Za ulusi ndi lezala, ndikukanizani. Kanyama kalikonse kali ndi kamtsempha, magazi amatuluka ambiri kuposa mmene mungaganizire, ndipo lezala la mwini limabweretsa kafumbata, matenda a chiwindi ngakhale HIV. Komanso khungu lathu lakudali silikhululuka. Pomwe mwadula kapena kuwotcha pamatsala banga lakuda kuposa kadontho kaja, ndipo ena amatuluka chipsera chotupa chomwe chimangokulirakulira, chija mumachiona m'makutu mwa atsikana oboola ndolo. Ndinaonapo mtsikana atathira asidi wa mubatire pa kanyama ka m'khosi. Kanyamako kanachokadi, koma chipsera chake chinakula kufika m'chibwano. Mafuta oyeretsa khungu nawonso sachotsa timadonthoti, amangopyapyalitsa khungu lomwe lapyapyala kale. Ngati kanyama kakukuvutitsani ndi kolala, kuchipatala amakadula ndi sizasi yowiritsa kapena kukawotcha ndi kachipangizo ka magetsi, m'mphindi zochepa. Zapamasayazo, ine ndikanakhala inu ndikanazisiya.

Chomwe chimandiwawa mtima n'chakuti anthu amataya nthawi ndi ndalama pa zapankhope zopanda vuto, pomwe khansa ya pakhungu mwa anthu akuda imakonda kubisala komwe galasi silifika: kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 ndi khansa yotchedwa melanoma, yomwe inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi, ndipo poyamba ankaiyesa bala la mpira. Choncho kamodzi pamwezi, mukatha kusamba, khalani pampando mutembenuze mapazi. Ngati msana sukulola, mwana akuonereni. Banga lakuda kuphazi lomwe likukula, lili ndi m'mphepete mokhotakhota kapena mitundu yosakanikirana, musalikwechenso ndi mwala, kalionetseni kuchipatala. Chimodzimodzi mzere wakuda pachikhadabo chimodzi womwe ukutambalala, kadontho kakale komwe kayamba kusintha kapena kutuluka magazi kosakhudzidwa, ndi chilonda chomwe chatha mwezi osapola.

Kuno kwathu tilinso ndi khansa ya Kaposi, imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi muno. Imaoneka ngati mabanga kapena timibulu takuda mofiirira pamiyendo ndi m'kamwa, nthawi zina mwendo n'kutupa, ndipo kawirikawiri imayendera limodzi ndi HIV. Kuyamba msanga ma ARV kumathandiza kwambiri. Abale athu achialubino nawo asadikire n'komwe: kankhanambo kalikonse kosachoka pankhope, m'makutu kapena m'khosi kaonedwe sabata yomweyo.

Inu yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko. Muwauze akuyezeni shuga, muwaonetse tinyamato ndi mapazi omwe. Akakayika ndi china chilichonse, adzakulemberani kalata yopita ku kiliniki ya matenda a pakhungu ku Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja.