Kodi pa Bermuda Triangle pali ziwanda?

Funso: Achemwali anga apeza ntchito pa sitima ya alendo yonyamukira ku Miami ku America, ndiye anthu akundiopseza kuti imadutsa pa Bermuda Triangle pomwe akuti sitima ndi ndege zimangosowa basi. Nzoona eti? Sindikuona tulo ine.

Yankho: Mtima m'malo achimwene. Malowa ali mu nyanja ya Atlantic, pakati pa Miami, Bermuda ndi Puerto Rico, ndipo ngozi zinachitikadi, sitikana. Pa 5 December 1945 ndege 5 za asilikali a America zinasowa ndi anthu 14, mtsogoleri wawo ananena pa wailesi kuti makampasi ake (zida zolozera njira) sakugwira, anasochera mpaka kunada mafuta nkutha, ndiye poti ndegezo sizinapezeke anthu anayamba kukamba za mizimu ndi zolengedwa zakuthambo. Koma kumeneko kuli madzi othamanga a Gulf Stream omwe amakokolola zidutswa kupita nazo kutali, penanso nkozama koopsa.

Sitima za alendo zimadutsapo tsiku ndi tsiku bwinobwino. Choti achemwali anu asamale nacho ndi nyengo ya anamondwe, June mpaka November, komanso zija amaphunzitsa za majekete opulumukira azimvetsere ndithu, asamazitenge zamasewera.