Diso lalitali ndi retina yopyapyala: kodi ndi matenda?

Mayi wina watilembera imelo. Amavala magalasi a -7.00 chifukwa saona bwino patali, ndipo atajambulidwa maso ndi makina a OCT, oyeza kuchindikala kwa zigawo za mkati mwa diso, pepala la zotsatira linatuluka ndi malo ofiira. Akufunsa ngati retina yawo, kachikopa ka mkati kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, ikuwonongeka.

Mayi, musanade nkhawa ndi kufiirako, funsani kaye kutalika kwa diso lanu, kuchoka kutsogolo kwake kufika kumbuyo. Amayeza ndi makina monga IOLMaster kapena A-scan. Diso la munthu wamkulu limakhala mamilimita 23 mpaka 24. Likaonjezera milimita imodzi, magalasi amakwera ndi -2.50 kapena -3.00, choncho lanu mwina lili pafupi ndi 26.

Diso likatalika, retina imafunika kukuta malo aakulu, ndiye imapyapyala ngati chikopa cha ng'oma chikakokedwa. Koma sipyapyala paliponse mofanana. Pakati penipeni, pa fovea pomwe timawerengera, kuchindikala sikusintha kwenikweni, mwinanso kumaonjezekera pang'ono. Kupyapyala kumaonekera m'mbali mozungulira macula, dera lapakati la retina limene fovea ili pakati pake. Choroid, gawo lodzaza mitsempha ya magazi kuseri kwa retina, ndiye imapyapyala kwambiri.

Nkhani yaikulu ili pa makinawo. Poyeza ulusi wa minyewa wa mu retina, umene pepala limautchula RNFL, OCT imazunguliza mzere wa mamilimita pafupifupi 3.4 m'mimba mwake pamutu pa mtsempha wa diso umene umapita ku ubongo. Imachita zimenezi poganiza kuti kutalika kwa diso ndi kwapakatikati. M'diso lalitali mzerewo umagwera kutali ndi mtsempha, kumene ulusi ndi wopyapyala kale, ndiye nambala imatsika kuchoka pa ma micron 90 mpaka 100 amene timayembekezera (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Komanso mitolo iwiri ikuluikulu ya ulusi, wapamwamba ndi wapansi, imapendekera ku macula, makina n'kukaifuna pamene palibe. Kufiira sikunena kuti mukudwala. Kukungosonyeza kuti nambala yanu ili pansi poyerekeza ndi anthu amene makinawo anasunga, ndipo mwa iwo a maso aatali ngati anu ndi ochepa. Zaka nazo zimachepetsa ulusiwu pang'onopang'ono, ndiponso anthu akuda pakati pa macula pawo pamakonda kupyapyala kuposa azungu, maso ali bwinobwino.

Komabe musalitaye pepalalo. Diso lalitali limagwidwa mosavuta ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso n'kupyapyalitsa ulusi womwewu, ndipo matendawa ndi ofala pakati pa anthu akuda. Amadya maso mwakachetechete, osapweteka. Dokotala ayeze puresha ya m'diso, ayang'ane yekha mutu wa mtsempha, ndipo akupimeni mmene mumaonera cham'mbali. Kenako mudzajambulidwenso pakapita miyezi 6 mpaka 12, pa makina omwewo, chifukwa makina a OCT osiyana, monga Cirrus ndi Spectralis, sayeza malire ofanana ndipo nambala zawo sizisakanizidwa. Kwa munthu wamkulu, kupyapyala kobwera ndi kutalika kwa diso sikusintha msanga, pamene kwa glaucoma kumapitirira, nthawi zambiri pamtolo umodzi. Onetsetsaninso nambala yosonyeza ubwino wa chithunzi, poti ng'ala kapena diso louma zimatsitsa zotsatira.

Chimene OCT wamba saona ndi m'mphepete mwenimweni mwa retina, kumene diso lalitali limakonda kung'ambikira. Kumeneko amayang'ana atakudonthezerani mankhwala okulitsa mwanadiso. Mukayamba kuona kung'anima ngati ziphaliwali, timadontho tambiri takuda toyandama mwadzidzidzi, kapena mdima wotchinga mbali imodzi, pitani kuchipatala cha maso tsiku lomwelo.