Kwa inu amene mwangogula njinga yamoto: yambani ndi helimeti ndi magolovesi

Achimwene, zabwino zonse ndi njinga yatsopanoyo. Mwafunsa kuti poti ndalama zambiri zathera panjinga, pa zovala zodzitetezera muyambe ndi chiti, komanso ngati zovalidwapo kale zingakuthandizeni. Ndiyankha zimene ndinadutsamo ndekha.

Ndaona ena akukuuzani kuti popeza mukuphunzira kumene, muzingoyenda pang'onopang'ono, zovala mudzagula ndalama zikadzapezeka. Mawu amenewo chonde musawamvere. Ine tsiku limene ndinagwa sindinkathamanga n'komwe. Liwiro langa linali mwina makilomita 30 pa ola, njinga ndinali nditakhala nayo milungu itatu yokha. Pokhota pakona panali timchenga tochepa pamwamba pa phula, ine mwamantha ndinagwira buleki yakutsogolo, tayala n'kutereraka. Munthu akamagwa saganiza, manja amangotsogola okha. Ndinali nditavala magolovesi otchipa aja ooneka bwino, okhala ndi timapulasitiki pamfundo za zala. Ulusi wa m'mbali mwa chikhatho unaduka nthawi yomweyo, golovesi inatseguka ngati khoko la nthochi, ndipo chikhatho changa chakumanja ndicho chinakhula msewu. Kuchipatala namwino anachita kutsuka balalo ndi kaburashi kuti achotse timiyala tomwe tinalowa m'mnofu. Ululu wa kutsukako unaposa wa kugwa kwenikweniko. Milungu isanu sindinkatha kugwira cholembera, kumanga batani la malaya ngakhale kusamba ndekha bwinobwino. Chipsera chilipo mpaka lero, ndipo kukazizira khungu la pamenepo limakokana.

N'chifukwa chake ndimati magolovesi musawaike kumapeto kwa ndandanda wanu. Pogula musayang'ane kumsana kwa dzanja kumene amakongoletsako, atembenuzeni muone chikhatho. Chikhale chachikopa, makamaka chopindikizidwa kawiri pansi pa chala chaching'ono mpaka pomwe dzanja limalumikizana ndi mkono, poti ndi pomwe pamayamba kufika pansi. Ena amakhala ndi kapulasitiki kolimba pamenepo kuti dzanja litsetsereke m'malo mokodwa paphula, ndipo zimenezo zimathandiza kuti kafupa ka pamfundo ya dzanja kasathyoke. Kokani msoko uliwonse ndi mphamvu wogulitsa akuona, ulusi ukayamba kuonekera asiyeni. Akhalenso ndi lamba womanga pamkono. Mukawavala n'kumanga, yesani kuwavula pokoka zala ndi dzanja linalo. Akavuka, ndiye kuti pamsewunso adzavuka. Mkati mwake funani kansalu kolembedwa EN 13594, umenewo ndi muyezo wa ku Ulaya wa magolovesi a njinga yamoto, ndipo pakakhala zilembo KP ndiye kuti zotchinga mfundo za zala zinayesedwa.

Koma chachikulu ndi helimeti. Pa ndalama zonse zomwe mwasungira zovala, pafupifupi theka lipite pamenepo, ndipo ikhale yatsopano. Apa ndiye ndikukupemphani ndi mtima wonse: helimeti yovalidwapo kale musagule, ngakhale iwale bwanji, ngakhale mwini wake alumbire kuti sanagwe nayo. Chimene chimapulumutsa mutu si chigoba chakunjacho chokha. Mkati muli chinthu choyera chopepuka, chonga chija amatchinjirizira wailesi kapena firiji m'katoni. Mutu ukamenya pansi, icho chimafinyika n'kumeza mphamvu yakugundayo, ndipo chikafinyika sichibwereranso. Kunja helimeti imaoneka yabwinobwino pomwe mkati inatha kale ntchito, ndipo ndi maso simungadziwe. Opanga ambiri amatinso isinthidwe ikatha zaka pafupifupi 5 ikugwira ntchito, choncho ngakhale yatsopanoyo, tukulani nsalu yamkati muone tsiku limene inapangidwa. Kafukufuku wa bungwe lofufuza zaumoyo la Cochrane wa mu 2008, amene anasonkhanitsa zofufuza zambiri, anapeza kuti helimeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Koma zimenezo n'za helimeti yeniyeni, yomangidwa pachibwano.

Sitika ya kumbuyo isakunyengeni. Aliyense akhoza kusindikiza sitika n'kumata. Chizindikiro cha DOT, chomwe ndi cha ku America, wopanga amadziikira yekha ponena kuti wakwaniritsa muyezo, boma limangotengako zina n'kuyesa zili kale pamsika, ndiye achinyengo amachikonda kwambiri. Ine ndimadalira ECE, muyezo umene amagwiritsa ntchito ku Ulaya, ndipo ndimayang'ana palamba wa pachibwano. Pamakhala kansalu kosokeredwa, kokhala ndi chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo. Nambalayo ndi ya dziko limene linavomereza helimetiyo, osati kumene inapangidwa: E1 ndi Germany, E2 France, E3 Italy. Pansi pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06. Ya 06 ndi muyezo watsopano wa ECE 22.06, womwe mayeso ake ndi okhwima kuposa 22.05. Muonenso chilembo P, chomwe chimatanthauza kuti chotchinga chibwano chinayesedwa. Chilembo J ndi cha helimeti yopanda chotchinga kumaso, ndipo NP ndiye kuti chotchinga chilipo koma sichiteteza. Tengani yotseka nkhope yonse yokhala ndi P. Tsiku lija ndinagwa, zokalika zonse pa helimeti yanga zinali pachibwano ndi pagalasi, pamwamba pa mutu panalibe kanthu. Ndikanavala yotsegula kumaso, mano ndikanawatola pamsewu.

Ngati muli ndi intaneti, boma la Britain lili ndi ndondomeko yotchedwa SHARP, imene imayesa mahelimeti n'kuwapatsa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Mukafufuzamo mudzaona kuti ena otsika mtengo ali ndi nyenyezi 4 kapena 5, kuposa ena odula. Ndalama zambiri pa helimeti yodula mumalipira kupepuka kwake, utoto, kuchepa kwa phokoso la mphepo ndi dzina. Yamtundu umodzi yopanda zojambula imatsika mtengo kuposa inzake yomweyo yokongoletsedwa, chitetezo chili chimodzimodzi.

Kukula kwake n'kofunika ngati muyezo womwewo. Yezani mutu ndi tepi ya telala, mozungulira pamwamba pang'ono pa nsidze. Mukavala, ifinye masaya pang'ono, ndipo mukaigwira n'kuipotoza, khungu la pamphumi liziyenda nayo limodzi. Mangani lamba mpaka pangolowa zala ziwiri, kenako uzani mnzanu aikankhe kuchokera kumbuyo ngati akufuna kukuvulani. Ikavuka, si yanu. Khalani nayo kumutu mphindi 10 kapena 15 musanalipire, chifukwa kupweteka kwa pamphumi sikuyamba nthawi yomweyo. Atsopano ambiri amatenga yaikulu poti ndiyo imamveka bwino tsiku loyamba, koma siponji yamkati imafwamphuka pakapita miyezi, helimeti n'kuyamba kugwedera. Galasi likhale loyera. Lakuda lija usiku limakuchititsani khungu.

Pa jekete ndi pomwe mungapulumutse ndalama. Yovalidwapo kale ilibe vuto, ndipo nthawi zambiri imapezeka pa theka la mtengo wa yatsopano kapena kucheperapo, chifukwa anthu ambiri amagula zovala, kukwera miyezi yochepa n'kusiya. Yang'anani misoko ya paphewa ndi pachigongono, yesani zipi kangapo, ndipo funani kansalu ka EN 17092, muyezo wa ku Ulaya wa zovala za njinga yamoto. Magulu ake ndi AAA, AA, A, B ndi C. Ya A ndi yopepuka ya maulendo a m'tauni, AA ndi yabwino ngati muziyenda mitunda. Chenjerani ndi majekete ooneka ngati a njinga yamoto koma ali a fashoni chabe, a chikopa chabodza chomwe chimasupuka ndi chikhadabo. Zotchinga za paphewa ndi pachigongono zisololeni m'matumba mwake muone ngati zalembedwa EN 1621-1, muyezo wa zotchinga zoterezi. Zikakhala zosweka kapena zouma gwa, zatsopano zimagulidwa pazokha pamtengo wochepa. Kumsana majekete ambiri otchipa amangoikamo kasiponji wamba kongodzaza malo. Kachotseni muikemo cholembedwa EN 1621-2, muyezo wa zotchinga msana, makamaka cha Level 2 chomwe chimateteza kuposa cha Level 1. Jeketeyo ikugwireni thupi, chifukwa ikakhala yokhwepa chotchinga chigongono chimathawira pambali pa nthawi yomwe mukuchifuna. Ngati kwanuko kumatentha, tengani yokhala ndi nsalu yaukonde yolowetsa mphepo. Jekete yotentha kwambiri mudzaisiya pa msomali tsiku lina, ndipo ndi mmene anthu amagwera atavala malaya okha.

Jinzi wamba imabooka paphula sekondi imodzi isanathe, bondo langa ndi mboni. Ngati buluku yokhala ndi Kevlar mkati, ulusi wolimba wosabooka msanga, simungaikwanitse panopa, gulani zotchinga mawondo zomanga ndi malamba muzivala ndi jinziyo kufikira mutapeza ndalama. Mathalauza opyapyala a nayiloni ochitira masewera ayi, amasungunuka ndi kutentha kwa kukhulika n'kumatirira pabala, komanso ekizozi ikakukhudzani pakatumba mudzadziwa.

Nsapato zikwirire akakolo, zikhale zachikopa, ndipo mukagwira kutsogolo ndi kuchidendene n'kupotoza zisapindike ngati chinsanza. Jombo zolimba za kuntchito zingakusungeni miyezi yoyamba. Zingwe zake muzizilowetsa mkati. Ndinaonapo mnzanga chingwe chitakola pa chosinthira magiya, poima phazi linakana kutsika, iye ndi njinga onse pansi, njingayo pamwamba pa mwendo.

China chomwe simunafunse: pezani bwalo lopanda magalimoto muziphunzira kugwira buleki yakutsogolo pang'onopang'ono, kufinya osati kukoka mwadzidzidzi, njinga ili chilili. Mabuleki muzimaliza musanalowe pakona, ndipo maso azifufuza mchenga ndi mafuta otayika patsogolo. Mukapeza helimeti yomwe mwaikonda, jambulani kansalu ka palamba kaja mutumize kuno tikuonereni musanapereke ndalama.